Akuti titsegule zathu, iwo atakhoma zawo

Lero mupirire nane, mtima wanga sunakhale pansi.

Dzulo ndikuunjika tomato pamsika pano pa Palabana, mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni. Mnyamatayu anaphunzira za makompyuta, ndipo kampani ina ya ku America ikumufuna. Ine ndimati akufuna pemphero. Ayi ndithu. Ati, "Amalume, chonde fufutani zija munalemba pansi pa zithunzi zanga pa Facebook." Ndinalembanji? Kuti ana amene akufa ku Gaza nawonso ndi ana a anthu. Basi, zomwezo chabe.

Musamuseke, mantha ake ali ndi mutu. Kuyambira 2019, fomu ya viza ya America imafunsa maina onse amene munthu wagwiritsa ntchito pa Facebook, Instagram ndi kwina kwa zaka zisanu. Mu June 2025 anauza ofuna kukaphunzira kuti masamba awo akhale otsegula kwa aliyense. Pa 15 December 2025 lamulolo linafika kwa ofuna viza ya ntchito ya H-1B, pamodzi ndi akazi kapena amuna awo ndi ana.

Manje imvani apa. Mu April 2025, boma lathu litakhazikitsa Cyber Security Act, ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inachenjeza nzika zake kuti ku Zambia mauthenga awo akhoza kumawerengedwa. Ine ndinavomereza, chifukwa lamulo lija nanenso silinandikomere. Koma kusuzumira kumaipa pokhapokha wosuzumirayo ali wa ku Lusaka? Akakhala wa ku Washington kwasanduka chitetezo?

Mudzandiuza kuti dziko ndi lawo, alowetse amene afuna. Zoona. Nanenso sindikongoza tomato kwa munthu wosamudziwa. Koma ndimafunsa ngati amabweza ngongole, sindifunsa zimene amalume ake amaganiza za nkhondo. Ndipo wachiwembu weniweni salemba chiwembu chake pa Facebook. Amene akodwe ndi ana athu olankhula poyera, ndi nkhalamba ngati ine zosadziwa kumeza mawu. Kumbukiraninso kuti mu August 2025 Zambia ndi Malawi ndiwo anayamba kulipitsidwa chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000 pa viza yokacheza. Anatiyesa kale ndi ndalama, tsopano akutiyesa ndi lilime.

Chondiwawa kwambiri ndi ifeyo makolo. Tayamba kale kuuza ana kuti "usalembe kalikonse, udzazifuna mawa." Mwana wa zaka 16, pasipoti alibe, koma waphunzira kale kuopa mlendo amene sanamuonepo. Ameneyo adzatsegula pakamwa khansala akadya ndalama za mjigo?

Mufuna kudziwa ngati ndinafufuta? Ndinafufuta. Ntchito ndi yake, ndipo mayi ake ndi amasiye. Ndinakhala pa khonde usiku, magalasi pamphuno, n'kuchotsa ndemanga zitatu. Nsima inazizira m'mbale.