Wotamanda Zokuzira Mau Timkhulupirire?

Mu 1970 magazini ya ku America ya Consumer Reports inalemba kuti pa masipika a Bose 901 mau a zoimbira anali kuyendayenda m'cipinda. Eni ake a Bose anakasuma. Khoti loyamba linapeza kuti mauwo anali kuyenda motsata khoma cabe, koma mu 1984 Khoti Lalikulu linaweruza mokomera magaziniyo, popeza panalibe umboni wakuti inanama dala.

Taonani, awerengi: magazini imeneyi silandira ndalama za otsatsa malonda, ndipo katundu amene imayesa imagula yokha, komabe inaphonya. Nanga mlembi amene makina anacita kupatsidwa ulere ndi wogulitsa, adzanena kuti akulira ngati citini? Ine ndikayika.