Mzere wa Tirigu Wosiyira Nyama za M'thengo

Kumaiko ozizira a ku America, alenje ndi eni minda amafesa tirigu m'timinda tapadera dzinja lawo la chisanu lisanafike, osati kuti adzapere ufa, koma kuti nyama zonga mbawala zipeze msipu pamene tchire lonse lagona. Ndikuti mwambowu tiutengere kuno ku Kabwe, koma tiyambe tauyeza ndi nyengo yathu, pakuti chimene chimasautsa nyama kuno si chisanu ayi, koma chilimwe ndi moto.

Aliyense amene wayenda pa msewu wa Great North m'mwezi wa Ogasiti, kuchokera ku Chisamba kudzera m'Kabwe kulinga ku Mkushi, waona minda yozungulira ya tirigu ili biriwiri pansi pa mipope yoyenda ndi mawilo, pamene kutsidya kwa waya kuli lupsa lokhalokha, phulusa likuuluka ndi kamvuluvulu. Tirigu ameneyu, amene amafesedwa mu Epulo ndi Meyi ndi kukololedwa cha mu Seputembala ndi Okutobala, amakula m'miyezi yomwe gwape, mphoyo ndi nkhanga zimasowa pogwira. Ndipo sitidabwa kuti usiku zimalowamo, ngakhale mwini munda sanaziitane.

Chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko, chinaletsa wokolola kumweta mpaka m'mphepete mwa munda, ndipo m'buku la Eksodo nyama za kuthengo zikutchulidwa pakati pa oyenera kudya zotsala za chaka chachisanu ndi chiwiri. Tsono mlimi amene Mulungu anamdalitsa ndi damu ndi magetsi, nasiya mzere umodzi cha kudambo osapititsapo makina okolola, sataya kanthu koti nkumliza. Makolo anati kupatsa nkuika. Koma mayi wa kumudzi amene amathirira dimba lake ndi ndowa, amene nguluwe zinamuthera chimanga chaka chatha, kumuuza kuti afesere nyama tirigu ndiko kumnyoza. Kwa iyeyu ndi kwa mfumu yake tipemphe chinthu china: kuti dambo lisatenthedwe mu Seputembala pofuna mbewa, ndi kuti misuku isagwetsedwe ndi ootcha makala.

Pali zoopsa ziwiri zimene wofesa ayenera kuzilingalira asanatsegule thumba la mbewu. Nyama ikazolowera kudya pamalo amodzi imaponda njira imodzi, ndipo njira yotere ndi imene wotchera makhwekhwe a waya amaifuna. Kamunda kopanda mlonda kasanduka nyambo, ndipo chifundo cha mwini munda chithera mumphika wa wina. Nchifukwa chake wochita zimenezi agwirizane ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, pakuti nyama za m'thengo lamulo limaziika m'manja mwa boma, ngakhale zidye tirigu wa munthu.

Choopsa chinacho ndi cha mzinda wathu wokha. Mgodi wa Broken Hill, umene unatsekedwa mu 1994 utakumbidwa zaka pafupifupi 90, unasiya mtovu m'dothi la Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ndipo nyama yodya msipu womera pa nthaka yotere imameza fumbi la mtovulo pamodzi ndi masamba, kenaka nkulipereka kwa mwana amene adzadya chiwindi chake. Timinda totere tikhale kutali ndi milu ya mgodi, cha ku Mulungushi kapena kumadzulo kolowera ku dambo la Lukanga, ndipo dothi liyambe lapimidwa.