Banki yopanda sipeya isatiuze kuti tisiye kashi

Abale anga a geni ndi madalaivala, ndalemba ndili kuno ku Highfield mtima uli phuphuphu.

Sabata yatha ndinafika pa Nyamapanda ndi katundu wa ku Blantyre, ndalama ya msonkho ili m'khadi. Aswaipa kamodzi, yakana. Kawiri, yakana. Ndaimbira banki yanga, yomwe sinditchula dzina, akuti "sisitimu yagwa mayi, yesani mawa". Basi inandisiya, ndinagona pa boda nditakumbatira zikwama, ndalama yanga ilipo koma sindingaigwire.

Mawu akuti "sisitimu yagwa" asamatinyengerere nawo ngati ndi mvula yochokera kumwamba. Ndalama ya m'khadi ndi manambala olembedwa m'makompyuta amene ali m'nyumba ina yake, ndipo nyumbayo imafuna magetsi, zoziziritsira ndi intaneti usana ndi usiku. Banki yolongosoka imakhala ndi nyumba yachiwiri kutali ndi yoyambayo, pa mzere wina wa magetsi, komwe zonse zimakoperedwa nthawi yomweyo. Kuno kukazima, uko kumapitiriza, iwe wa pa kauntala osadziwa n'komwe.

Izi si zachilendo kwa iwo. Mu July 2019 magetsi a ZESA atazima, majenereta a pamalo oyendetsera netiweki ya Econet ku Harare sanalire, EcoCash inaima kwa maola ambiri, anthu n'kusiya zogula m'mashopu. Kwathu ku Malawi, namondwe Ana mu January 2022 anaononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Ndiye banki inene kuti kuzima kwa magetsi kwaidzidzimutsa?

Ena m'gulu muno mumati makina amafa basi, tipirire. Inde amafa. Nanga inu achimwene a thiraki, mungalowe msewu wa Tete popanda tayala la sipeya? Ndipo sipeya amaipopa asananyamuke. Jenereta yosayesedwa ndi nyumba yachiwiri imene sanasamukireko n'kamodzi komwe n'chimodzimodzi sipeya yophwa. Pa swaipi iliyonse amatidula ndalama. Zina mwa izo zipite kumeneko.

Mukapita ku nthambi ya banki yanu, funsani a manijala mafunso atatu: makompyuta achiwiri ali mzinda uti, anawayesa liti komaliza, ndipo zikagwa amalonjeza kubwerera m'maola angati. Akamazungulira poyankha, mwadziwa kale.

Pakadali pano mpamba musauike malo amodzi. Ya msonkho ndi ya basi ikhale kashi ya madola m'thupi, yogawa matumba awiri. Yotsalayo igaweni, ina ku banki, ina pa foni ya kampani ina. Mameseji ndi malisiti a zolipira musafufute, chifukwa sisitimu ikadzuka ena imawadula kawiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene zinakuchitikirani pa Mwanza, Zobue kapena Beitbridge, lembani pansipa tsiku ndi maola amene munadikira. Tikachuluka tilemba kalata imodzi yopita ku Reserve Bank.