Chamba Chaloledwa, Koma Chaloledwera Yani?



Chomera chija timachitcha chamba ku Malawi ndi ku Zambia, mbanje ku Zimbabwe, suruma ku Mozambique, lero chavala suti. Dziko la Lesotho ndilo lidatsogola mu 2017 kupereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala. Zimbabwe idatsatira mu 2018, Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza lamulo lake mu February 2020, ndipo Zambia idakhazikitsa lake mu 2021. Kuloledwako ine sindikutsutsa. Chimene ndikukana n'chakuti malamulowa adasokedwa pa msinkhu wa mwini chuma, wodwala ndi mlimi n'kuwasiya pabwalo.

Ena mwa inu mukuti chamba chimapengetsa. Simukunama: mnyamata wochisuta mosadziletsa akhoza kuzungulira mutu, ndipo mabanja ambiri alira nacho. Koma morphine, amene amatonthoza odwala khansa m'zipatala zathu, amachokera ku duwa lomwelo limene limatulutsa heroin. Kodi alipo adati timuchotse m'chipatala? Kusiyana kwa mankhwala ndi poizoni kuli pa muyezo ndi pa dzanja lopereka. Ku America, mu 2018, adavomereza Epidiolex, mankhwala ochokera ku chamba, othandiza ana odwala mitundu ina yoopsa ya khunyu. Ndiye mkangano woti chamba ndi mankhwala kapena ayi tiuike pambali.

Funso ndi ili: chaloledwera yani? Ku Malawi chiphaso cholimira chamba cha mankhwala adachiika pa madola 10,000 a ku America. Ku Zimbabwe adayambira pa madola 50,000. Mlimi wa kumapiri a Nkhotakota, amene makolo ake adasunga mbewu yomwe dziko lonse limaidziwa kuti Malawi Gold, ndalama zoterozo akazitapa kuti? Iye akapezeka ndi thumba limodzi amagona m'chitokosi. Mnzake wa chiphaso akadzaza kontena timamuombera m'manja kuti wabweretsa chitukuko. Mu 2021 unduna wa zamalimidwe udafika polembera kalata Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Wankhonya wa kutsidya kwa nyanja adakumbukiridwa, mlimi wa pakhomo ayi.

Nanga wodwala? Pitani ku chipatala cha boma cha kwanuko mukafunse mafuta a chamba olembedwa ndi dokotala, mudzatiuze chimene akakuyankheni. Mayi amene mwana wake akugwa khunyu, kapena amene mwamuna wake akubuula ndi khansa usiku wonse, adzathamangira kwa ogulitsa mobisa n'kugula botolo lopanda muyezo. Tikulimira odwala a ku Ulaya, athu akumwa zongoyerekeza.

Njira imeneyi tidaiyendapo kale ndi fodya: thukuta lathu, mtengo wa ogula. Tisabwerezenso. Maboma atsitse mtengo wa ziphaso kwa alimi a m'makopaletivi. Akhazikitse malo oyezera mphamvu ya mankhwalawa m'maiko mwathu momwemo. Aphunzitse madokotala ndi anamwino kalembedwe kake, ndipo gawo la zokolola lizitsala kuno lisanakwere ndege. Wogulitsa chamba kwa ana a sukulu yekhayo, lamulo limukanthe ndithu.

Mukakumana ndi phungu wanu, musamufunse ngati chamba chidaloledwa. Mufunseni kuti m'dera lake ndi odwala angati achilandira, ndipo ndi alimi angati ali ndi chiphaso.