Mawere ndi abwino, koma musataye mapiritsi

Mwezi wathawu ndidapita kukazonda azakhali anga amene akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 7. Ndidawapeza ali gone pamkeka, ludzu losatha, maso akuchita chidima. Pambali pawo padali chigubu cha thobwa. Mapiritsi a metformin adali atawasiya masabata atatu, ati chifukwa uthenga wina wa pa WhatsApp udawauza kuti mawere amachiza shuga.

Mawerewo ine sindikuwanyoza ayi. Mu 2021, akatswiri motsogozedwa ndi bungwe la ICRISAT adaunika kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana ndipo adapeza kuti mbewu za mtundu wa mawere, mchewere ndi mapira sizikweza shuga m'magazi msanga ngati mpunga woyera kapena ufa wa tirigu woyera. Bungwe la United Nations nalo lidasankha 2023 kukhala chaka cha mbewuzi. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mawere timapera ndi khungu lake lomwe, choncho chakudyacho chimagayika pang'onopang'ono m'mimba, shuga nkumalowa m'magazi mosathamanga. Ufa woyera, umene timaunyadira pamaso pa alendo uja, timaukonola, kuuviika, madeya nkupatsa nkhuku. Chotsala nchongokhutitsa basi.

Koma apa mpomwe anthu akusokonekera. Mawere ambiri kuno sitidya ngati nsima. Timawameretsa kukhala chimera, ndipo ntchito ya chimera ndiyo kusandutsa ufa kukhala shuga. Nchifukwa chake thobwa limatsekemera ngakhale musanathire kanthu. Ndiye ife timathiramonso shuga wa m'paketi, masupuni osawerenga. Munthu wodwala shuga akamamwa zimenezi kapu ndi kapu, akuganiza kuti akudzichiza, akudzikumbira dzenje. Phala lamadzimadzi la ufa wosalala nalonso silichedwa kulowa m'magazi. Ngakhale nsima ya mawere yeniyeniyo, mukadya mitanda isanu, shuga akwera ndithu.

Chimene chimandipweteka nchakuti odwala ambiri amangouzidwa kuti “muzidya mgaiwa”, basi, nkhani yathera pomwepo. Angadye mitanda ingati? Mawere asakanize bwanji? Thobwa nanga? Mayankho akasowa kuchipatala, anthu amakawapeza kwa ogulitsa ufa wa m'mabotolo amene amalonjeza kuchiza chilichonse. Unduna wa Zaumoyo ukonze uthenga womveka, m'Chichewa ndi zinenero zina, woyezera pa chipande ndi mbale zomwe tili nazo m'nyumba, osati magalamu.

A Unduna wa Zamalimidwe nawonso ali ndi gawo lawo. Alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje akhala akulima mchewere ndi mapira kuyambira kale, a ku Chitipa mawere, ndipo mchewere ndi mapira zimapirira ng'amba kuposa chimanga. Komatu ndalama ndi chidwi chathu chonse zili pa chimanga ndi feteleza. Zotsatira zake, m'tauni mawere amagulitsidwa pa timbale ngati zokometsera ndiwo, ndipo wodwala wosauka sangawadye tsiku ndi tsiku.

Azakhali aja tidapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo adayambiranso mankhwala. Pano amadya nsima ya mgaiwa wosakaniza ndi mawere, mitanda iwiri, ndi nyemba komanso masamba ambiri. Shuga wawo watsika. Za thobwa zokha ndiye akundidandaulirabe mpaka lero.