Ufumu wa Gawa Undi umadzera kwa amayi, ndiye dziwani bele lanu

Pa NRC pali malo olembapo mudzi, mfumu ndi boma. Ambiri a ife amene tinabadwira muno m'Kabwe, kaya ku Mpima, ku Bwacha kapena ku Makululu, tinangolembetsa zimene atate anatiuza. Dzina lomaliza ndi la atate, mudzi ndi wa atate. Mukafunsa mnyamata dzina la ambuya amene anabala amayi a amayi ake, amangokanda mutu. Ine ndikuona kuti apa tikutaya mbiri yathu, makamaka ife Achewa, chifukwa kwathu mzere wa banja umadzera kwa akazi.

Taonani banja lachifumu la Kalonga Gawa Undi. Mfumu imene ili pampando ku Mkaika, m'boma la Katete, inalowa ufumu mu 2004. Dzina lake lobadwa nalo ndi Frederick Daka. Koma ufumuwo ndi wa a Phiri. Zimatheka bwanji? Daka ndi chiwongo cha kuchimuna, pomwe mpando umatsata bele la amayi. Amene amalowa ufumu ndi mphwake wa mfumu kapena mbale wake wa bele limodzi, ndipo mwana wobala mfumuyo salowa. N'chifukwa chake mayi wa ufumu, Nyangu, ali ndi ulemu waukulu chotere.

Akuluakulu amasimba kuti a Phiri anachokera ku Malambo, m'dziko la Aluba, komwe lero ndi ku Congo. Anayenda mpaka kumwera kwa nyanja ya Malawi, kumene Kalonga anamanga likulu lake ku Mankhamba ndi ku Manthimba. Anthu a fuko la Banda ndiwo ankayang'anira za mvula ndi nsembe, ndipo mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Pambuyo pake Undi, mbale wa Kalonga, anasamukira ku Mano, m'dera la Tete ku Mozambique. Mbiri imati popita anatenga Nyangu ndi akazi ena a banja lachifumu. Apa ndiye pagona nkhani: amene ali ndi Nyangu ndiye ali ndi mafumu a mawa. Ufumu wa ku nyanja unafooka, ndipo Kalonga wotsiriza kumeneko, Sosola, anaphedwa m'zaka za m'ma 1860. Mzere wa Undi unapitirira, n'kudzakhazikika kuno ku Zambia m'zaka za m'ma 1930. Lero mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba. Mu 2007 kunafika apulezidenti atatu: Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza.

Ena amati izi ndi nthano chabe popeza sizinalembedwe. Koma ngakhale kumene ankalemba, chiyambi cha mabanja achifumu chimakhala ndi chifunga. Ku Russia, mabanja akale a akalonga ankati anachokera kwa Rurik, amene mabuku awo akale amati anafika m'chaka cha 862. Mizere ya mabanjawo anaisonkhanitsa m'buku la boma m'zaka za m'ma 1680, patapita zaka zoposa 800, ndipo akatswiri a mbiri akukanganabe za Rurik mpaka lero. Iwo ankawerenga kuchokera kwa atate, ife kwa amayi. Kusiyana kwina ndi kwakuti zawo zili m'mabuku, zathu zili m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba zikutha.

Ena amaopa kuti kufufuza mizu kumadzutsa tsankho la mitundu. Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa timamva zimene andale ena amalankhula nthawi ya masankho. Komabe amene wafufuza bwino amapeza zosiyana. Alenje, eni nthaka ino ya Kabwe, amasimba kuti Mukuni anachokera ku Congo komweko. Abemba amati makolo a Chitimukulu anachokera ku Kola. Mitundu itatu yonseyi imatsata mzere wa amayi. Munthu wodziwa zimenezi sanganamizidwe msanga kuti mnzake wa pa minibasi ndi mlendo m'dziko muno.

Sindikunena kuti tibwerere ku zonse zakale. Lamulo la mu 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo linachita bwino kupatsa ana gawo la 50 pa 100 alionse ndi mkazi kapena mwamuna wotsala 20, chifukwa kulanda katundu wa amasiye m'dzina la mwambo kunali nkhanza. Koma lamuloli silikhudza malo a mwambo kapena mpando wa ufumu. Kumudzi, pa nkhani ya munda, ya unyakwawa, ya ukwati ndi ya maliro, adzakufunsanibe kuti ndinu a bele liti ndipo atsibweni anu ndani. Wosadziwa yankho amakhala chete pomwe ena akugawana munda wa ambuya ake.

Ntchito yake si yovuta. Foni imene mumajambulira mavidiyo a TikTok imajambulanso mawu. Khalani pansi ndi amayi, azakhali kapena ambuya, muwafunse mayina a akazi a mzere wanu kuyambira kwa amayi kupita m'mbuyo, mudzi wa aliyense, mfumu yake, ndi chimene chinawasamutsa. Mwina mudzapeza kuti ambuya anabwera kuno chifukwa cha mgodi wa Broken Hill kapena njanji. Funsaninso wachibale wina, chifukwa nkhani zimasiyana, ndipo lembani zonse ziwiri m'kope. Kenako tumizani pa gulu la banja la WhatsApp kuti wina akonze pamene palakwika.

Simufunika kukhala wa banja lachifumu kuti muchite zimenezi. Banja la Gawa lasunga mzere wake zaka mazana chifukwa pa m'badwo uliwonse panali anthu oloweza mayina ndi kuwatchula. Pitani kwa ambuya sabata ino, akadali ndi mphamvu zosimba.