MABUKU A CIKONDI CA ANYAMATA OKHAOKHA AFIKA M'MAFONI: NANGA IFE MAKOLO TICITE CIANI?

Pali nkhani imene ambiri a ife timaizemba pa misonkhano ya parishi, koma tsopano yafika pakhomo. Mabuku a nthano olembera acinyamata, okamba za mnyamata amene wayamba kukonda mnyamata mnzake, kapena mtsikana wokonda mtsikana mnzake, safunanso sitolo ya mabuku ya ku Lusaka kuti afike kuno ku Chongwe. Akulowera m'foni yomwe ija timalandirira uthenga wa feteleza wa FISP. Mwana wa ku sekondale akabwereka foni kuti aone za sukulu, angathe kuwerenga buku lathunthu ife tili mtulo.

Makolo ena akuti tilande mafoni, nkhani ithere pomwepo. Ena akuti izi ndi za Azungu, kuno kumudzi kulibe. Ife tikuona kuti mayankho onse awiriwa ndi operewera, cifukwa akuyang'ana buku ndi kuiwala mwana amene akuliwerenga.

MABUKUWA NDI OTANI?

Lochuka kwambiri ndi Heartstopper, la Alice Oseman wa ku England. Linayamba pa intaneti m'caka ca 2016 ngati nthano ya zithunzi zojambula, kenaka linasindikizidwa, ndipo mu 2022 a Netflix analisandutsa sewero la pa kanema. Limakamba za anyamata awiri a pasukulu, Charlie ndi Nick. Lina ndi la Becky Albertalli wa ku America, la mu 2015, limene linabala filimu yochedwa Love, Simon mu 2018.

Nthano zimenezi zimayenda njira imodzi. Mwana ali ndi cinsinsi cimene cikumudya mumtima. Anzake amamuseka kusukulu. Akuopa kuti kunyumba akadziwa amuthamangitsa. Potsiriza alimba mtima, aulula kwa amake, ndipo amake amukumbatira. Tikaonetsetsa, nyambo yaikulu ya mabukuwa ndi pamenepa: mwana walankhula, wamkulu wamumvera, dziko silinathe. Ngakhale mwana amene alibe maganizo otere amakopeka, pakuti wacinyamata aliyense ali ndi kanthu kamene amaopa kuuza atate ake.

Tisanamizanenso kuti olemba ake ndi Azungu okha. Monica Arac de Nyeko wa ku Uganda anapata mphoto ya Caine Prize mu 2007 ndi nthano ya Jambula Tree, yokamba za atsikana awiri. Chinelo Okparanta wa ku Nigeria anatulutsa Under the Udala Trees mu 2015, nkhani ya mtsikana wokula m'nthawi ya nkhondo ya Biafra. Awa ndi ana a mu Africa muno, olemba za midzi ndi machalichi onga athu.

KULETSA KWATIFIKITSA PATI?

Maboma ayesa kutseka. Ku Kenya, bungwe loona za mafilimu linaletsa filimu ya Rafiki mu 2018, imene inacokera pa nthano ya Jambula Tree ija. Khoti litalola kuti ionetsedwe masiku 7 cabe mu Seputembala caka comweco, anthu anadzaza nyumba za kanema. Ambiri a iwo sakadamva n'komwe za filimuyo cipanda ciletsoco. Ku Tanzania, nduna ya zamaphunziro inaletsa mabuku angapo a ana m'masukulu mu Febuluwale 2023.

Kuno kwathu, mu 2019 pulogalamu ya pa TV yochedwa Lusaka Hustle inaimitsidwa, nduna ya zacipembedzo ya nthawi imeneyo, Mai Godfridah Sumaili, itadandaula kuti ikulimbikitsa khalidweli. Mu 2020 magulu ena a machalichi anatsutsa maphunziro a zakugonana a CSE, amene analowa m'masukulu mu 2014, mpaka boma linalonjeza kuwaunikanso.

Ife sitikutsutsa kuti kholo lisankhire mwana zowerenga. Umenewo ndi udindo wocokera kwa Mulungu, ndipo si buku lililonse loyenera msinkhu uliwonse. Koma boma lingatseke TV ndi laibulale ya pasukulu, silingatseke foni imene ili pansi pa bulangeti pakati pa usiku. Kudalira ciletso cokha kuli ngati kuchinga mtsinje wa Chongwe ndi manja m'mwezi wa Febuluwale.

CIMENE BUKU SILIMUUZA MWANA WA KU CHONGWE

Nthano ya ku England imathera pa kukumbatirana. Ku Zambia ingathe kuthera kupolisi, ndipo ici mwana ayenera kucidziwa. Lamulo la Penal Code, cigawo 155, limaletsa kugonana kwa mtundu umenewu, ndipo kucokera pamene linasinthidwa mu 2005, cilango cake ndi zaka zosacepera 15 mpaka moyo wonse m'ndende. Cigawo 158 cimapereka zaka 7 mpaka 14 pa zonyansa zina za pakati pa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha.

Lamuloli lagwirapo kale nchito. Mu 2013 anyamata awiri a ku Kapiri Mposhi anamangidwa, nakhala m'ndende kopitirira caka akudikira mlandu, kufikira khoti linawamasula mu 2014 umboni utaperewera. Mu Novembala 2019 amuna ena awiri a m'tauni yomweyo anagamulidwa zaka 15. Kazembe wa America, a Daniel Foote, atadzudzula cigamuloco, boma linakwiya ndipo mu Disembala dziko lake linamuitana kazembeyo kuti abwerere kwao. Awiriwo anatuluka mu Meyi 2020, malemu Pulezidenti Edgar Lungu atawakhululukira pamodzi ndi akaidi ena ambiri pa cikondwerero ca Africa Freedom Day.

Acikulire angakumbukenso za mu Julayi 1998, pamene wophunzira wina wa pa koleji anapita yekha ku nyuzipepala ya The Post kukadziulula. Dziko lonse linawira. Akuluakulu a boma anaopseza zomanga, kagulu kamene kanafuna kulembetsa kanakanizidwa, ndipo malemu Kenneth Kaunda anali mmodzi mwa ocepa amene anapempha anthu kuti aziziritse mitima ndi kuganiza mofatsa. Papita zaka zoposa 25, koma kakambidwe kathu ka nkhaniyi sikanasinthe kwenikweni: timafuula sabata imodzi, kenaka zii.

Maiko oyandikana nafe anatenga njira zosiyana. South Africa inalola maukwati otere mu 2006, Mozambique inacotsa mlanduwu m'malamulo ake mu 2015, pamene ku Malawi khoti linagamula mu 2024 kuti lamulo loletsa likhalebe. Mwana wowerenga pa foni saona malire amenewa. Akatengera za m'buku ndi kulemba cinsinsi cake pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la kalasi, mawa dzina lake lidzakhala pa msika wonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Cimodzimodzinso kholo limene mwaukali litengera mwana kupolisi kuti akangomuopseza: nkhani ikalowa m'buku la apolisi yacoka m'manja mwa banja.

MPINGO UKUTI CIANI?

Ciphunzitso ca Mpingo wa Katolika pa nkhaniyi cili ndi miyendo iwiri, koma ambiri timayendera umodzi. Ciri m'Katekisimu, ndime 2357 mpaka 2359.

Mwendo woyamba ndi uwu. Ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha Mpingo suvomereza. Pamene Roma inatulutsa kalata ya Fiducia Supplicans pa 18 Disembala 2023, yokamba za madalitso, Aepiskopi athu a ZCCB ananena m'masiku ocepa cabe kuti kudalitsa anthu awiri otere sikudzacitika m'Zambia. Mu Januwale 2024 bungwe la Aepiskopi a mu Africa yense, SECAM, linanenanso cimodzimodzi kudzera mwa Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa. Pamenepa palibe cobisa, ndipo mwana wathu tiyenera kumuuza zimenezi mosapita m'mbali.

Mwendo waciwiri ndi umene sitiumva kawirikawiri. Katekisimu yomweyo ikuti anthu okhala ndi cilakolako cotere sali ocepa, kuti kwa ambiri a iwo ndi mayesero olemera, ndipo kuti tiwalandire mwaulemu ndi mwacifundo, popanda kuwasala mopanda cilungamo. Mpingo umasiyanitsa cimene munthu akumva mumtima ndi cimene wasankha kucita. Mnyamata wa zaka 15 amene wazindikira ndi mantha kuti mtima wake suthamangira atsikana monga anzake sanacimwe pa cifukwa cimeneco. Malemu Papa Francis, poyankha atolankhani mu Januwale 2023, ananena kuti kukhala munthu wotere si mlandu wofunika ndende, nakumbutsa kuti kusowa cikondi kwa mnzako nakonso ndi chimo.

Kudzisunga kumene Mpingo ukupempha kwa mwana ameneyu ndi komwenso ukupempha kwa aliyense wosakwatira. Apa ndiye tiyenera kudziyang'ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali ndi mwana kapena pathupi. Bambo wamkulu akaononga mtsikana wa sukulu, nkhani timaithetsa pansi pa mtengo ndi mbuzi za dameji, Sabata lotsatira ali pa benchi ya kutsogolo. Koma mwana akangochulidwa kuti amayenda ngati mkazi, mudzi wonse utola miyala. Ana athu amaona muyeso wa pawiriwu, ndipo ndi cifukwa cake ena amakhulupirira buku kuposa ife.

NANGA TICITE CIANI?

Coyamba, tidziwe cimene mwana akuwerenga. Tisalande foni mwakacetecete ngati akuba. Timufunse kuti nthanoyo ikuti ciani, ndipo cimene camukondweretsa ndi citi. Amene Cizungu cimativuta tipemphe aphunzitsi kapena mkulu wake wa mwanayo atimasulire. Safunsa anadya phula. Kuwerenga buku lotere sikutanthauza kuti mwana ndi wotero, monga kuwerenga za mbala sikusandutsa munthu mbala.

Caciwiri, mwana akabwera yekha ndi kunena kuti, "Amama, ndili ndi nkhani," tisayankhe tsiku lomwelo ndi mkwiyo. Wafika pamenepo atavutika miyezi kapena zaka. Mau oyamba amene adzamve adzawasunga moyo wake wonse. Tingamuuze kuti tamva, kuti ndi mwana wathu ndithu, ndipo kuti tikambirananso mitima itakhala pansi. Kunena motero si kuvomereza chimo. Nkhaniyo isapite ku cigayo kapena ku mjigo.

Cacitatu, ndodo ndi kuthamangitsa sizinaongolepo mtima wa munthu. Lamulo la ana la Children's Code Act la mu 2022 limaletsa kulanga mwana pomumenya. Ndipo mwana wothamangitsidwa ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana adzapita kuti? Adzakwera basi ya pa Great East Road, akagone m'makhonde a ku City Market, kumene akudikira ndi anthu omwe aja timafuna kumuteteza kwa iwo. Ena safika n'komwe ku Lusaka. M'nyumba za alimi muli mankhwala a mbewu ndi a dibi, ndipo mwana wotaya mtima sacedwa kuwaganizira. Tikaona mwana wasiya kudya, akudzipatula, akulankhula za imfa, tithamange naye kucipatala kapena tiimbe nambala yaulere ya ana ya 116.

Cacinai, tisamukakamize ukwati poganiza kuti ndi mankhwala. Kucokera mu Disembala 2023 lamulo limakana ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Mpingo nawo suwerengera ukwati wokakamiza. Komanso tiganizire mwana wamkazi wa eni ake amene tikufuna kumulowetsa m'nyumba yopanda cikondi kuti abise manyazi athu. Tisataye ndalama za cimanga kwa asing'anga kapena kwa alaliki olonjeza kucotsa ciwanda usiku umodzi. Tipite kwa ansembe, kwa mlongo wa cipani, kwa amalume kapena agogo odziwa kusunga cinsinsi.

Cacisanu, tisasokoneze nkhani ziwiri. Ngati pali munthu wamkulu amene akugwira mwana, kaya mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi, kaya wamkuluyo ndi wacibale, mphunzitsi kapena wa mumpingo, umenewo ndi mlandu wogwirira mwana. Umenewo ndiye wopita nawo ku Victim Support Unit tsiku lomwelo, ndipo mwanayo ndi wolakwiridwa, si wolakwa.

Potsiriza, ife a m'makomiti, akatekisi, alangizi ndi atsogoleri a kwaya tisamale pakamwa. Nthabwala imene timaseketsa nayo gulu la acinyamata ingakhale ikulasa mwana amene wakhala pa mzere waciwiri, wotumikira pa guwa Sabata lililonse. Iyeyo akatsimikiza kuti m'chalichi mulibe malo ake, adzapita kumene akumumvera.

Tifunsenso kuti, kodi ana athu tawapatsa ciani coti awerenge? Kale kunali nthano za agogo pamoto, ndipo pa wailesi a Julius Chongo anali kutisonkhanitsa ndi Poceza M'madzulo. Lero mabuku a Cinyanja kapena Cisoli okamba moona za kukula, mantha, cikondi coyamba ndi cikhulupiriro ndi osowa ngati mvula ya mu 2024. Munda ukasiyidwa, cimene camera ndi comweco. Aphunzitsi athu, ophunzira a ku Chalimbana ndi acinyamata a m'maparishi angathe kulemba nthano za kuno, zonena zoona za lamulo, za Mpingo ndi za mtima wa mwana.

Pa tsiku la ubatizo tinaimirira pamaso pa mpingo ndi kulonjeza kulera mwana ameneyu m'cikhulupiriro. Sitinaike malire akuti tidzamulera pokhapokha akadzakula monga tifunira. Ciphunzitso tisacicepetse, koma citseko ca nyumba cikhale cotsegula, kuti pamene mwana ali ndi nkhani yolemera ayambire kwa atate ndi amai ake, foni ibwere pambuyo.